Momwe mungapemphere khoti la ku South Africa kuti livomereze mlandu wa gulu, ndi momwe bungwe lingalowere ngati bwenzi la khoti

Mlandu wa gulu ndi uja anthu ochepa amasuma m'malo mwa anzawo mazana kapena masauzande amene anapwetekedwa ndi chinthu chimodzi. Ku South Africa, ngati mukufuna chipepeso mwa njira imeneyi, simungangolemba samani n'kuipereka kwa sherifu. Muyenera kuyamba mwapempha High Court kuti ivomereze gululo, ndipo milandu yambiri imafera pomwepa isanafike n'komwe pa mboni. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa abambo a ku Malawi ndi ku Mozambique amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Teba ali m'gulu la mlandu waukulu wa matenda a m'migodi ya golide, ndipo ana a ku Kabwe ku Zambia anakasumira kampani ya Anglo American ku Johannesburg.

Maziko ake ndi ndime 38(c) ya malamulo aakulu a dzikolo a 1996, imene imalola munthu kusuma ngati membala wa gulu kapena mokomera gulu. Ndondomeko yeniyeni inachokera m'zigamulo ziwiri, zonse zotuluka pa nkhani ya makampani amene anagwirizana mwachinsinsi pa mtengo wa buledi. Choyamba ndi cha Children's Resource Centre Trust ndi Pioneer Food, cha Supreme Court of Appeal mu 2012, chimene jaji Wallis anandandalikamo mfundo 7 zoti khoti liziona. Chachiwiri ndi cha Mukaddam mu 2013, pamene Constitutional Court inanena kuti mfundozo si zipata zoti mukalephera chimodzi basi mwagwa, koma muyeso waukulu ndi woti chilungamo chikufuna chiyani. Musatengeke nazo kwambiri zimenezo. Pempho lofooka pa mfundo ziwiri kapena zitatu, oweruza salipulumutsa chifukwa choti loya watchula mawu akuti chilungamo.

1. Yambani ndi kalendala komanso khoti loyenera

Lamulo la Prescription Act la 1969 limapereka zaka 3 pa ngongole zambiri, kuphatikizapo chipepeso cha kuvulazidwa. Zakazo zimayamba kuwerengedwa pamene munthu wadziwa, kapena akanatha kudziwa, amene wamulakwira ndi zimene zinachitika. Kwa mwana, nthawiyo siitha mpaka patapita chaka chimodzi atakwanitsa zaka 18. N'chifukwa chake gulu la ana limakhala lolimba pa nkhani ya nthawi kusiyana ndi gulu la akuluakulu amene anadwala kalekale. Kupereka pempho la chilolezo kwa osumiridwa kumaimitsa nthawiyi, choncho musamadikire kuti umboni wonse ukwane ngati masiku akutha.

Khoti lake ndi High Court ya dera limene kuli likulu la kampani yosumiridwayo kapena kumene cholakwacho chinachitikira. Ngati cholakwacho chinachitikira kunja, khoti la ku South Africa likhoza kumva mlanduwo koma n'kugwiritsa ntchito malamulo a dziko limene chinachitikira. Pa mlandu wa Kabwe anali malamulo a Zambia, ndipo zikatero pamafunika katswiri wa malamulo a dzikolo alembe umboni wake.

2. Lembani tanthauzo la gulu, ndipo mulilembe kangapo

Apa ndi pamene pagona mlandu wonse. Munthu wamba akamva chilengezo pa wailesi ayenera kudziwa yekha ngati ali m'gulumo kapena ayi, popanda kufunsa loya. Choncho tanthauzolo limangidwe pa zinthu zooneka: malo, zaka, mtundu wa ntchito, matenda amene dokotala angatsimikize, katundu amene anagulidwa.

Onani momwe anachitira pa mlandu wa Nkala ndi Harmony Gold, umene oweruza atatu a ku Johannesburg anauvomereza pa 13 May 2016. Opempha analipo 69, makampani osumiridwa 32. Sanapange gulu limodzi la "onse odwala chifukwa cha migodi". Anapanga awiri. Loyamba linali la ogwira ntchito pansi pa mgodi amene anadwala silicosis, matenda a fumbi la miyala m'mapapo, pamodzi ndi achibale odalira amene anamwalira nawo. Lachiwiri linali la odwala chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Migodi yake inatchulidwa maina pamndandanda, ndipo tsiku loyambira linali 12 March 1965. Khoti linauzidwa kuti anthuwo akhoza kukhala pakati pa 17,000 ndi 500,000, koma kukula kwa chiwerengero sikunaphe mlanduwo chifukwa malire ake anali omveka.

Zolakwika zofala ndi zitatu. Choyamba, kulemba tanthauzo limene limadalira chigamulo chimene sichinaperekedwe, monga "onse amene anavulala chifukwa cha kusasamala kwa kampaniyi". Kusasamalako ndiye kukuzengedwa, ndiye munthu adziwa bwanji kuti ali m'gulu? Chachiwiri, kukulitsa dera mpaka kulowetsa anthu amene sanakhudzidwe. Chachitatu, kusakaniza anthu amene zofuna zawo zikutsutsana. Pa buledi, ogula ndi ogulitsa ogawa m'masitolo sakanakhala gulu limodzi, chifukwa wogulitsa akhoza kukhala kuti anangokankhira mtengo wokwerawo kwa wogula.

3. Konzani mapepala a pempho

Pempholi limapita ndi chidziwitso cha zimene mukupempha, afidaviti yaikulu (umboni wolembedwa molumbira), maafidaviti a oimira gulu ndi a akatswiri, komanso chikalata cha madandaulo chimene mudzagwiritse ntchito mukaloledwa kusuma. Chikalata chomalizachi anthu amachilemba mothamanga poganiza kuti adzachikonza m'tsogolo, pamene ndi chimene jaji amayamba kuwerenga.

Khoti limafuna kuona zinthu ziwiri. Mlanduwo uyenera kukhala ndi phazi m'malamulo, ndipo umboni uyenera kukhala woti ukakhulupiriridwa ungapambanitse. Simukufunika kutsimikiza zonse pa sitepe iyi, koma nkhambakamwa sizikwanira. Mu 2020, pa mlandu wa De Bruyn ndi Steinhoff, jaji Unterhalter anakana chilolezo ngakhale kuti eni masheya anataya ndalama zambirimbiri. Chifukwa chake chinali choti malamulo a makampani amati udindo wa madairekitala uli kwa kampani, osati kwa mwini sheya aliyense payekha. Gulu linalipo, kutaya kunalipo, koma njira ya m'malamulo panalibe.

Ngati opereka umboni ali ku Lilongwe, ku Tete kapena ku Kabwe, kumbukirani Rule 63 ya malamulo a High Court, yokhudza zikalata zosainidwa kunja kwa dziko. Ziyenera kutsimikizidwa moyenera, mwachitsanzo ku ofesi ya kazembe wa South Africa. Ngati wolumbirayo samva Chingerezi, zilembedwe kuti womasulira anamuwerengera m'chilankhulo chake. Maloya a makampani amayamba kufufuza timabowo totere asanafike pa nkhani yeniyeni. Dziwaninso kuti wosuma wokhala kunja akhoza kufunsidwa chikole cha ndalama za mlandu pansi pa Rule 47.

4. Sonyezani mafunso ofanana kwa onse

Payenera kukhala mafunso amene akayankhidwa kamodzi, yankho lake likankhira patsogolo mlandu wa membala aliyense. Kodi makampani ankadziwa liti kuopsa kwa fumbi? Kodi anali ndi udindo wotani? Kodi njira zochepetsera fumbi zinalipo? Awa ndi a onse. Koma kuti bambo uje anagwira mgodi uti, kwa zaka zingati, ankasuta fodya kapena ayi, mapapo ake anawonongeka motani, awa ndi a munthu payekha.

Osumiridwa adzalimbikira kuti mafunso a payekha ndi ochuluka kuposa a onse. Yankho la pa Nkala linali kugawa mlandu pawiri: gawo loyamba la mafunso a onse, gawo lachiwiri la munthu aliyense. Mukasankha njira imeneyi, lembani dongosolo la gawo lachiwirilo mwatsatanetsatane. Adzayeza anthuwo ndani, kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo adzalipira ndani.

5. Oimira gulu, maloya ndi ndalama

Woimira gulu safunika kukhala membala wa gululo. Pa buledi panali mabungwe monga Black Sash Trust ndi COSATU. Chofunika ndi choti asakhale ndi zofuna zotsutsana ndi za mamembala, akhale ndi nthawi ndi luso lotsata mlandu kwa zaka, ndiponso athe kulamula maloya m'malo molamulidwa nawo. Sankhani oimira angapo kuchokera m'tigulu tonse. Pa milandu ya matenda, ena mwa iwo amamwalira mlandu usanathe.

Ikani poyera mgwirizano wa malipiro. Lamulo la Contingency Fees Act la 1997 limalola loya kulipidwa pokhapokha mlandu ukapambana, koma malipirowo asapitirire kuwirikiza kawiri malipiro ake a nthawi zonse, ndipo asaposenso 25 peresenti ya ndalama zimene zapezedwa. Ngati pali kampani yothandiza ndi ndalama kuti idzadye nawo phindu, itchuleni, fotokozani gawo lake, ndipo sonyezani kuti ilibe mphamvu youza maloya kuti avomere kukambirana kapena akane. Khoti likadzazindukira lokha zimene munabisa, limayamba kukayikira pempho lonse.

Fotokozaninso momwe chipepeso chidzagawidwire. Pa buledi, opempha anafuna kuti ndalama zipite ku thumba lothandiza anthu mwachisawawa, popeza palibe amasunga risiti ya buledi. Jaji Wallis anakana, ponena kuti chipepeso chiyenera kufika mwa njira ina yake kwa amene anataya, ndipo anatchula kutsitsa mtengo kwa kanthawi ngati njira imodzi yoganizirika.

6. Kudzilembetsa kapena kudzichotsa, ndi chilengezo

Pali njira ziwiri. Pa njira yodzichotsa, aliyense wokwanira pa tanthauzo ali m'gulu kale, ndipo chigamulo chidzamumanga pokhapokha atalemba kuti sakufuna. Pa njira yodzilembetsa, amangidwa yekhayo amene wapereka dzina. Yoyamba imathandiza osauka ndi okhala kutali, amene sangamve chilengezo pa nthawi yake. Yachiwiri imayenera pamene anthu ndi ochepa ndipo aliyense akufuna ndalama zambiri. Pa Nkala anaphatikiza: gawo loyamba kudzichotsa, lachiwiri kudzilembetsa. Ngati mamembala ambiri ali kunja kwa South Africa, yembekezerani mtsutso wakuti khoti silingamange mlendo amene sanadzipereke yekha m'manja mwake, ndipo konzekerani yankho.

Chilengezocho chilembedweretu ndi kumatidwa ku pempho. Chinene gulu, osumiridwa, zimene zikufunidwa, tsiku lomaliza lodzichotsa, nambala ya foni yaulere, ndi chenjezo lakuti chigamulo chidzamanga ngakhale mlandu utaluza. Tchulani mawailesi ndi manyuzipepala maina, zilankhulo zake, ndi kangati. Munthu amene anasiya mgodi m'zaka za m'ma 1970 n'kubwerera kumudzi ku Dedza simungamupeze ndi nyuzipepala ya Chingerezi ya ku Gauteng. Mumupeza pa wailesi ya Chichewa, kutchalitchi, kumzikiti, kwa amfumu ndi ku mabungwe a amene anagwirako ku migodi.

7. Tsiku la kukhoti ndi zotsatira zake

Osumiridwa amayankha, inu n'kuyankhanso, kenako mbali zonse zimapereka mfundo zolembedwa. Musaganize kuti ndi za tsiku limodzi. Pempho la Kabwe linaperekedwa mu October 2020 m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000 okhudzidwa ndi chiphe cha mtovu. Linamvedwa kumayambiriro kwa 2023, ndipo jaji Windell analikana mu December chaka chomwecho. Anglo American inali ndi mbali pa mgodi wa ku Kabwe kuyambira 1925 mpaka 1974, mgodi n'kudzatsekedwa mu 1994 uli m'manja mwa boma. Khoti linaona kuti umboni wolumikiza kampaniyo ndi kuvulala kwa ana a lero sunali wokwanira, magulu anali otambalala kwambiri, ndipo mlanduwo sukanatheka kuuyendetsa. Opempha analoledwa kuchita apilo mu 2024. Kaya mukugwirizana ndi chigamulocho kapena ayi, chiwerengeni musanalembe pempho lanu, chifukwa maloya a mbali inayo achiwerenga kale.

Mukapambana, onetsetsani kuti lamulo la khoti latchula magulu, oimira, maloya, chilengezo ndi masiku ake, komanso nthawi yoti samani iperekedwe. Chilolezo si kupambana mlandu. Gulu la odwala listeriosis, matenda obwera ndi chakudya chokhala ndi tizilombo, linaloledwa kusumira kampani ya zakudya ya Tiger Brands mu December 2018, koma zaka zinapitapo anthu akudikirabe.

Mukagwirizana kunja kwa khoti, mgwirizanowo uyenera kuvomerezedwa ndi oweruza, mamembala atapatsidwa mpata wotsutsa. Wa pa mlandu wa Nkala unasainidwa mu May 2018 ndi makampani 6, wa ndalama pafupifupi R5 biliyoni, ndipo khoti linauvomereza mu July 2019. Ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo zikukhudza amene anagwira m'migodi yotchulidwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019. Kulembetsa n'kwaulere. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti dzina la bambo anu lilowe, ameneyo ndi wakuba.

Kulowa ngati bwenzi la khoti

Bwenzi la khoti, amicus curiae m'mapepala, ndi munthu kapena bungwe limene si wosuma kapena wosumiridwa, koma lili ndi mfundo yoti ithandize oweruza. Ku High Court njira yake ili mu Rule 16A, ku Supreme Court of Appeal mu Rule 16, ku Constitutional Court mu Rule 10. Pano tikamba za Rule 16A. Masiku onse otchulidwa ndi a khoti, kutanthauza kuti Loweruka, Lamlungu ndi maholide sawerengedwa.

Amene wadzutsa nkhani yokhudza malamulo aakulu a dziko amapereka chidziwitso kwa rejisitira, ndipo chimakhomedwa pa bolodi la khoti kwa masiku 20. Bungwe lanu lisadalire bolodilo. Lankhulani ndi maloya a mlanduwo msanga, pemphani mapepala onse, ndipo muwawerenge musanaganize zolowa.

Kenako lemberani mbali zonse kalata yopempha chilolezo. Chilolezocho chiyenera kupezeka pasanathe masiku 20 kuchokera pamene chikalata chodzutsa nkhaniyo chinaperekedwa. Onse akavomera, kaperekeni makalata awo kwa rejisitira pasanathe masiku 5. Wina akakana kapena kungokhala chete, muli ndi masiku 5 kuchokera pamene masiku 20 aja atha kuti mupemphe khoti lenilenilo, ndipo wotsutsa ali ndi masiku 5 oyankha. Mukachedwa, khoti lili ndi mphamvu yokukhululukirani, koma fotokozani chifukwa cha kuchedwako tsiku ndi tsiku, ndipo sonyezani kuti kulowa kwanu sikusuntha tsiku la mlandu.

Pempholo linene mwachidule kuti bungwe lanu likukhudzidwa bwanji, mfundo zimene mudzapereke, kugwirizana kwake ndi mlanduwo, ndi chifukwa chake zili zothandiza komanso zosiyana ndi za mbali zina. Mawu omalizawa ndi amene amagwetsa ambiri. Mu 2002, pa mlandu wa Treatment Action Campaign wokhudza mankhwala oteteza ana ku HIV, Constitutional Court inafotokoza kuti ntchito ya bwenzi ndi kuonetsa khoti mfundo za malamulo ndi zochitika zimene pakanapanda iye sizikanaonekera. Kubwereza zimene loya wa osuma wanena kale, ngakhale mwaluso, n'kutaya nthawi ya oweruza. Ndipo musalembe kuti "tidzapereka mfundo zokhudza ufulu wa ana" n'kusiyira pomwepo. Lembani mfundozo zenizeni, ziwiri kapena zitatu, ndi malamulo amene zikutsamirapo.

Chitsanzo chabwino chili pa Nkala pomwepo. Treatment Action Campaign ndi Sonke Gender Justice, poimiridwa ndi maloya a bungwe la SECTION27, sanabwere kudzakamba za fumbi. Anabweretsa nkhani ya amayi ndi atsikana akumudzi amene amasiya ntchito ndi sukulu kuti asamalire bambo wobwera kumgodi akutsokomola. Zimenezi zinakhudzana ndi funso lina lalikulu la mlanduwo: ngati wodwala wamwalira mlandu uli pakati, kodi chipepeso cha ululu wake chifera naye limodzi? Oweruza awiri mwa atatuwo anasintha lamulo lakale kuti chipepesocho chizipita ku chuma cha masiye. Pa Kabwe napo analowa Amnesty International pamodzi ndi Southern Africa Litigation Centre, Human Rights Watch ndi akatswiri a United Nations, aliyense ndi mbali yake, ngakhale kuti kuchuluka kwawo sikunasinthe chigamulo cha khoti loyambalo.

Ngati mukufuna kupereka umboni, osati mfundo za malamulo zokha, pemphani zimenezo mwachindunji. Mu 2012, pa mlandu wa Children's Institute, Constitutional Court inagamula kuti Rule 16A siletsa bwenzi kupereka umboni ku High Court ngati chilungamo chikufuna choncho. Umboniwo ukhale m'maafidaviti omatidwa ku pempho, kuti mbali zina zithe kuuyankha. Pa apilo khomo limachepa. Ku Constitutional Court, Rule 31 imalola zinthu zosatsutsika, kapena za boma, za sayansi ndi ziwerengero zimene n'zosavuta kutsimikiza.

Pemphaninso padera mwayi wolankhula m'khoti, chifukwa kuloledwa kulemba sikutanthauza kuloledwa kuimirira, ndipo mukaloledwa mphindi zake zimakhala zochepa. Bwenzi likhoza kukondera mbali imodzi pa mfundo, koma liulule ubale uliwonse umene lili nawo ndi osuma, maloya awo kapena owathandiza ndi ndalama. Pa za ndalama za mlandu, kawirikawiri bwenzi sililipidwa ndipo sililipitsidwa, monga inanenera Constitutional Court pa mlandu wa Hoffmann ndi South African Airways mu 2000. Choncho bungwe lanu likonzeretu bajeti ya loya, ya katswiri ndi ya maulendo kuchokera m'thumba lake. Khoti likhozabe kulipitsa bwenzi limene lachedwetsa mlandu mwadala kapena kunyoza anthu m'mapepala popanda umboni. Mlandu ukapita ku apilo, chilolezo cha ku High Court sichikutsatirani. Muyenera kupemphanso mwatsopano pansi pa malamulo a khoti lapamwambalo.